An American in Paris: maloto aja ndi a ndani?

Mtsikana ali ndi ngongole kwa mwamuna amene anamusunga pa nthawi ya nkhondo, koma mtima wake uli kwa wina. Nkhani ya An American in Paris ndi imeneyo, ndipo ilipo pawiri: filimu ya Vincente Minnelli ya 1951, yomwe inapata mphoto za Oscar 6, ndi sewero la pasiteji la Christopher Wheeldon, lomwe analijambula ku Dominion Theatre ku London mu 2017. Nyimbo konseko ndi za George Gershwin. Kusiyana kumene ine ndikuona ndi kwakuti mwini nkhani anasintha.

Mu filimu, nkhani ndi ya Jerry, msilikali wakale wa ku America amene watsalira ku Paris kuti azijambula zithunzi. Gene Kelly amavina ngati pansi pali moto, ndipo Paris yake ndi yowala, yopanda chipsera. Nkhondo amangoitchula modutsa. Lise, yemwe ndi Leslie Caron, amagulitsa perefyumu, ndipo timamuona kwambiri kudzera m'maso mwa amuna omufuna. Ngakhale gule wa ballet wa mphindi 17 wakumapeto uja ndi maloto a Jerry, m'malo okonzedwa motengera zithunzi za Renoir, Toulouse-Lautrec ndi anzawo. Kukongola kulipo ndithu, koma Lise alimo ngati mphoto ya wopambana.

Sewero linabweza nkhani mpaka nthawi imene Ajeremani angochoka kumene mu Paris. Likuyamba ndi kugwetsedwa kwa mbendera ya Nazi, anthu akadali ndi njala ndi mkwiyo. Lise pano ndi Myuda amene banja la Henri linamubisa, komanso ndi wovina ballet wofuna kudziimira payekha. Ndiye Leanne Cope akamazengereza pamaso pa Robert Fairchild, umamumvetsa: munthu amene anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha iwe ungamuuze bwanji kuti sukumukonda? Gule wakumapeto nayenso anasintha mwini. Lise ndi amene akuvina pamaso pa anthu, ndipo ndi iyeyo amene akulota Jerry.

Vuto la sewero ndi kamera. Minnelli ankakonza chilichonse podziwa pamene kamera idzaime, choncho ngakhale pafoni filimu yake imaoneka yathunthu. Wheeldon anakonzera munthu wokhala muholo, woona siteji yonse nthawi imodzi. Kamera ikayandikira nkhope, ovina ena amadulidwa. Ikatalikira, pafoni onse amasanduka nyerere. Komanso nthabwala zina zimamveka zokakamiza pakati pa nkhani yolemera chonchi.

Komabe ine ndili mbali ya sewero. Filimu imaposa pa luso lojambula, izo sinditsutsa. Koma mu filimu Henri akamulola Lise kupita, timangosangalalira Jerry basi. M'sewero timadziwa zimene Henri anachita ndi zimene Lise akusiya, ndiye chisangalalocho chimabwera ndi kakuwawa. Yambani ndi filimu, kenako sewero, ndipo maso anu akhale pa Lise.