Mnyamata wa ku Nyasaland m'khitchini ya Dona Turner

Kuno ku Ntcheu n'kovuta kupeza mudzi wopanda nkhani ya agogo ena amene anapita ku Halale kukaphikira azungu. Ena anabwerako ndi njinga ndi jekete, ena anasanduka matchona. Mpaka lero anzathu a maboma ena amatiseka kuti ukhukhi ndi ntchito ya Angoni a kwa Gomani. Koma munthu ameneyu mukamufuna m'mabuku, mumupeza atangoima pakhomo la kuseri, chipewa chili m'manja.

Taonani buku la Doris Lessing, The Grass Is Singing, limene linatuluka mu 1950. Mayiyu anakulira pa famu ku Southern Rhodesia, ndipo mu 2007 analandira mphotho ya Nobel. Nkhani yake ndi ya Mary Turner, mkazi wa mlimi wachizungu wosauka, amene aphedwa ndi wantchito wake wam'nyumba, Moses. Owerenga ambiri amathamangira kwa Moses. Ine ndiyamba ndaima pa mnyamata wina amene wolemba sanamupatse ngakhale dzina.

Khukhi wakale, Samson, wachoka atadulidwa malipiro. Kenaka pakhomo pafika kamnyamata koonda, koyenda wapansi kuchokera ku Nyasaland. Sikadziwa za foloko ndi mpeni, sikamva chilankhulo cha dona, kangonjenjemera. Tsiku lina kagwetsa mbale, basi ntchito yathera pomwepo. Ndime zochepa chabe, koma m'menemo Lessing waonetsa pamene pagona mphamvu ya bwana. Chikoti chilipo, inde, koma chomanga manja a mnyamatayu ndi mtunda. Mshona akakwiya amanyamula bulangete n'kupita kwawo. Nanga iye, amene kwawo kuli kutsidya la Zambezi, msonkho ukumudikira, alowera kuti? N'chifukwa chake wantchito wochokera kutali amatamandidwa kuti ndi "wokhulupirika". Mawu okoma, eti?

Amene anaonera filimu ya BBC Africa Eye ya mu 2024 yonena za amayi a ku Malawi ogwira ntchito zam'nyumba ku Oman azindikira nkhaniyi. Kumeneko bwana amasunga pasipoti, ndipo lamulo la kafala limamangirira wantchito kwa amene anamulemba. Mtunda womwe uja, kungoti tsopano ndi wa pandege.

Pa Mary Turner, wolemba walasa. Amationetsa mkazi wosungulumwa, wopanda mnzake, amene ukali wake wonse uthera pa antchito chifukwa ndi okhawo amene angawalamule. Amamenya Moses ndi chikoti kumaso ali kumunda, ndipo Moses yemweyo akalowa m'nyumba, dona ayamba kumuopa, kenaka kumudalira, mpaka kumavekedwa diresi ndi iye. Amene anasungapo wantchito akudziwa: wochapa zofunda zako amadziwa zinsinsi zako zonse.

Koma apa ndi pamene bukuli likundisiya ndi njala. Mtima wa Mary tiudziwa mpaka kumaloto ake. Wa Moses ayi. Timangoona msana wake, minofu yake, maso ake. Pamapeto atapha, wolemba angoti zimene ankaganiza sizingadziwike. Ena amati kumeneko ndi kudzichepetsa kwa mzungu wodziwa malire ake. Mwina. Komabe zotsatira zake n'zakuti boyi akhalabe chete monga mmene dona ankafunira. Yerekezani ndi Ferdinand Oyono wa ku Cameroon, amene mu 1956 analemba Une vie de boy, buku limene m'Chingerezi likutchedwa Houseboy. Kumeneko cholembera chili m'manja mwa Toundi, boyi mwiniwake, ndipo bwana ndiye asanduka wosuzumiridwa.

Tsono tisamuloze chala Lessing yekha. M'masewero athu ambiri a pawailesi wantchito amangobwera kudzaseketsa anthu: kuba shuga, kuphwanya Chizungu, kubisa chibwenzi cha bwana. Chikhalirecho dona wa lero si mzungu. Ndi mayi wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa amene anatumiza uthenga kumudzi, ku Lizulu kapena ku Tsangano, kuti amupezere "kamtsikana kosachangamuka". Malipiro akuti adzasungiridwa mpaka Khrisimasi, kugona n'kukhitchini, ndipo alendo akabwera amauzidwa kuti ndi mwana wa achemwali.