Ulemu kwa Osaka Mayina a Flames ya 1984

Alipo anthu ofatsa, osaomberedwa m'manja, amene amaswera ku National Archives ku Zomba akuvundukula ndi nsonga za zala nyuzipepala zofiirira, zonunkha fumbi, kuti atsimikize amene anavala malaya a Flames ku Bouaké mu 1984, pamene tinalepherana ndi Nigeria 2-2. Chithunzi chikazilala, amanka kwa okalamba, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndipo dzina salilemba popanda mboni ziwiri kapena zitatu. Pakadapanda iwowa, zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya tikadazikumbukabe, koma otchinga kumbuyo ndi okhala pabenchi, amene anakhetsa thukuta lomwelo pokonzekera, mayina awo akadafafanizika. Inu osunga zithunzi zakale m'masutikesi, atsegulireni khomo anthu amenewa.