Cithunzi Copanda Dzina

Masiku ano acinyamata ambiri ali ndi foni yojambula, ndipo zithunzi zaculuka kuposa kale lonse. Koma zithunzi zambiri sizisunga mbiri. Izi tikulemba pambuyo pa madzulo amene anyamata ndi atsikana ongoyamba luso lojambula anaonetsa nchito zao ku Ulongwe, nafotokoza okha m'mene anazijambulira. Tifuna kuyamika coyenera kuyamika, ndi kunena poyera cimene cinasoweka, pakuti nkhaniyi ikukhudza inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga ndi kulemba.

Luso lilipo ndithu. Mtsikana wina anaonetsa manja a mai alikusankha mbatata ya kacewere pamsika m'mamawa. Anati anabwerera kumsikako kangapo kudikira kuti dzuwa ligwe bwino pa manjawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anachulanso mudzi wa maiyo ndi mtengo wa thumba tsikulo. Cithunzi cimeneci cidzakhala umboni ngakhale kwa adzukulu.

Koma zithunzi zambiri sizinali zotero. Tinaona nkhalamba za zobvala zong'ambika ndi ana otuwa miyendo, ndipo pansi pake panalembedwa mau amodzi a Cipwitikizi, monga Pobreza kapena Esperança. Wina atafunsa kuti, "Kodi agogo awa ndani?" wojambulayo anayankha kuti, "Aa, sindinawafunse, ndinangoona kuti nkhope yao ikukoma pacithunzi." Zokambirana zonse zinathera pa kuwala, mtundu wa kamera ndi kuculuka kwa oyamikira pa Facebook. Za eni nkhope, zii. Ife timaphunzitsa kuti munthu analengedwa m'cifanizo ca Mulungu. Nanga tingatenge bwanji nkhope yace, dzina n'kulisiya panjira?

Dziko lathu lili ndi citsanzo cabwino. Ricardo Rangel, amene anabadwa mu 1924 namwalira mu 2009, anali m'modzi wa oyambitsa magazini ya Tempo mu 1970, ndipo mu 1983 anatsegula sukulu yophunzitsa ojambula ku Maputo. Mu 1957 anajambula zitseko za zimbudzi ku Lourenço Marques, cina colembedwa Homens, cina Serventes, kusonyeza kuti pamaso pa atsamunda mzungu yekha ndiye anali munthu, wakuda anali wanchito cabe. Anajambulanso mnyamata woweta ng'ombe ku Changalane, amene bwana wace anamutentha pamphumi ndi citsulo cosindikizira ng'ombe cifukwa cotaya ciweto. Mphamvu ya zithunzizi ili pa kudziwika kwa malo ndi cimene cinacitika. Popanda mauwo tikanangoona cipsera, osadziwa wolakwa.

Kwa ife a ku Angónia nkhaniyi ndi yolemera koposa. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo a cigawo ca Tete. Mabanja ena anabwerera opanda cithunzi ca makolo ao ngakhale cimodzi. Amene anapulumutsa cimodzi kapena ziwiri, lero adzukulu amacigwira m'manja osadziwa kuti waima pakatiyo ndani. Tisabwerezenso kutaya kotere pamene makina ojambulira ali m'thumba.

Apa ndipo pali mbali yanu, abale ndi alongo. Mphunzitsi wa ku Brazil, Paulo Freire, pophunzitsa akulu ku Angicos mu 1963, ankayamba ndi kuonetsa cithunzi ca moyo wao wa tsiku ndi tsiku. Ophunzira ankakambirana zimene akuona, kenaka n'kutenga liu limodzi ndi kuligawa zidutswa. Inunso mungacite cimodzimodzi. Itanani wojambula wacinyamata m'kalasi mwanu. Cithunzi ca mbatata cija cingabale liu lakuti mbatata: mba, ta, ta. Ndipo ophunzira alembe okha zinthu zinai pansi pa cithunzi ciliconse: dzina la munthu, ngati iye wabvomera, mudzi, caka, ndi mau amodzi amene mwini nkhope ananena. Zilembedwe m'Cinyanja, kuti wojambulidwayo athe kudziwerengera.

Motero onse apindula. Wojambula aphunzira kulonjera ndi kupempha asanakweze kamera. Gogo amene wangophunzira kugwira pensulo alemba dzina lace pansi pa nkhope yace. Ndipo mpingo usunga m'kabati buku la zithunzi lofotokoza bwino mbiri ya mudzi.

Kwa acinyamatawo tikuti: pitirizani, maso muli nao. Koma kambirananinso za anthu amene mukuwajambula, ndipo mukatsuka cithunzi, coyamba mukapereke kwa mwini wace.