Dzanja la Woimba Gitala ya Blues

M'nyimbo za blues, zomwe zidakulira pakati pa anthu akuda a m'dera la Mississippi ku America, mawu akuti lick amatanthauza kachigawo kakafupi ka maimbidwe a gitala komwe woimba amalowetsa pamene mawu apakamwa apuma, kotero kuti gitala imakhala ngati ikuvomera zomwe mwini nyimbo watsogolera. Wophunzira amayamba ndi kutengera tizigawo timeneti kwa akatswiri, kumvetsera nyimbo imodzi mobwerezabwereza mpaka zala zitazolowera, ndipo ntchito yooneka yonyozekayi ndi yoyenera ulemu waukulu chifukwa ndiyo imasunga lusoli ku mibadwomibadwo.

Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti kaimbidwe kakekake ka munthu nthawi zambiri kamabadwa pamene kutengerako kwakanika. B.B. King, yemwe adabadwa mu 1925, ankasirira wachibale wake Bukka White, amene ankakhwekhwereza kachitsulo pansambo kuti gitala ilire ngati munthu. Atalephera njira imeneyo, adaphunzira kunjenjemeretsa nsambo ndi chala chimodzi pogwedeza dzanja lonse, ndipo kulira kwa gitala yake yotchedwa Lucille kumazindikirika ngakhale atangokhudza nsambo imodzi yokha. Albert King naye, pokhala wamanzere, ankaimba gitala moitembenuza osasintha ndondomeko ya nsambo, motero ankazikokera pansi pamene anzake amazikankhira m'mwamba, zomwe zinkamuthandiza kukweza liwu patali ndi mphamvu yodabwitsa. Stevie Ray Vaughan adatengera zambiri kwa iye, ndipo awiriwa adajambulidwa akuimba limodzi ku Canada mu 1983.