Kodi "Manambala Achisawawa" Ndi Mawu Oyenera?

Pomasulira mawu a Chingerezi akuti "random numbers", olemba ndi aphunzitsi ena akumati "manambala achisawawa". Ife tikuona kuti kumasuliraku n'kosokeretsa. M'Chichewa, chinthu chochitidwa mwachisawawa ndi chochitidwa mosasamala ndi mopanda dongosolo, monga kumwaza ndalama mwachisawawa. Koma manambala akunenedwawa ali ndi lamulo lokhwima lakuti nambala iliyonse ikhale ndi mwayi wofanana ndi inzake.

Tiyerekeze kuti kompyuta imatulutsa manambala kuyambira 0 kulekezera 9, ndipo mphunzitsi akufuna kusankha mwana mmodzi mwa atatu, amene wawapatsa manambala 0, 1 ndi 2. Njira yachidule ndiyo kugawa nambala yotulukayo ndi 3 n'kutenga chotsala. Onani chotsatira chake. Chotsala 0 chimachokera ku 0, 3, 6 ndi 9, pamene 1 amachokera ku 1, 4 ndi 7, ndipo 2 amachokera ku 2, 5 ndi 8. Mwana woyamba ali ndi mipata inayi, anzake itatuitatu. Kukondera kwalowa ngakhale palibe amene wafuna kukondera. Mankhwala ake ndi kutaya 9 akatuluka, n'kuyesanso.

Vuto lina n'lakuti kugawa kumachedwetsa kompyuta kuposa kuchulukitsa. Mu 2019 Daniel Lemire, katswiri wa ku Canada, adafalitsa njira yochulukitsa nambala yotulukayo ndi kukula kwa malire ofunidwa, kotero kuti kugawa kumafunika mwa apo ndi apo, koma chilungamo chija osachitaya. Kodi ntchito yolongosoka chotere tingaitche chisawawa? Wophunzira akamva mawu amenewa adzaganiza kuti nambala ina iliyonse ndi yokwanira, ndipo kukondera kwa mwana woyamba uja sadzakuona.

Chilankhulo chathu chili kale ndi mawu oti maere. Anthu amachita maere pofuna kuti pasakhale wokonderedwa, ndipo ganizo limeneli ndilo lofunika pano. Choncho tikupempha akonzi kuti alingalire mawu akuti "manambala amaere". Wina anganene kuti kompyuta sichita maere enieni, popeza kawirikawiri imangotsata masamu, monga njira imene D. H. Lehmer adaiyambitsa mu 1949. Zoona. Pamene kusiyanaku kukufunika, tilembe kuti "manambala ofanizira maere".