Dziko Lonse pa Kansalu Kamodzi: Kuunika Nkhokwe ya Imago Mundi

M'chaka cha 1854 m'busa wina wa ku Germany, Sigismund Koelle, adasindikiza buku lotchedwa Polyglotta Africana. Ali ku Freetown, kumene kudali anthu ochuluka omasulidwa m'zombo za ukapolo, ankafunsa aliyense mawu omwewomwewo, pafupifupi 300, kuti awatchule m'chiyankhulo cha kwawo. Mwa ziyankhulo zoposa 100 zimene adalemba mudali china chimene adachitcha Marawi, chomwe ife sitivutika kuchizindikira. Ndayamba ndi Koelle chifukwa ndiye amene amandibwerera m'maganizo nthawi zonse ndikamatsegula mabuku a Imago Mundi, nkhokwe ya zojambulajambula za makono ya Luciano Benetton, mpondamatiki wa ku Italy amene adalemera ndi malonda a zovala.

Lamulo la nkhokweyi ndi limodzi: mmisiri aliyense, kaya ndi wotchuka kaya wongoyamba kumene, amapatsidwa kansalu ka masentimita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali, ndipo amakabweza atakajambula, popanda malipiro. Ntchitoyi idayambira ku Latin America, ndipo zojambula zimene zasonkhanitsidwa zidapitirira kale 20,000, zochokera m'maiko oposa 100. Zimasanjidwa m'magulu potsata dziko, gulu lililonse n'kukhala ndi buku lake. Zidaonetsedwa ku Venice mu 2013, ndiponso mu 2015 pa chilumba cha San Giorgio Maggiore, pamene pafupifupi 7,000 zidaikidwa pamodzi m'timafelemu timene adakonza Tobia Scarpa. Mu 2018 nkhokweyi idatsegula nyumba yake yachionetsero ku Treviso, m'nyumba imene kale idali ndende.

Tisathamangire kunyoza. Muyezo umodziwu uli ndi chilungamo chake. Pa msika wa zojambula, ukulu wa chinthu ndi dzina la mwini wake ndizo zimalamula mtengo, kotero kuti wojambula wosadziwika wa m'dziko losauka salowa m'chipinda chimodzi ndi wa ku New York. Pano amalowa, ndipo malo ake ndi ofanana ndendende ndi a mnzakeyo. Kansaluko n'kopepuka, sikafuna ndalama zambiri potumiza, ndiye chifukwa chake kadafika kumene eni nyumba zazikulu zachionetsero safikako. Ndipo zojambula zimene zimandigwira mtima ndi zomwe zikulimbana ndi muyezowo: wina waboola kansaluko, wina wasokerapo mikanda, wina wamatapo mtengo kapena chitsulo mpaka chinthucho chatundumukira kunja kwa malire ake. Pamenepo woonera amamva kuti pali munthu amene wapatsidwa malo ochepa oyankhulira ndipo akudziwa kuti ndi ochepa.

Koma wophunzira ziyankhulo aliyense amadziwa chimene mndandanda wa mawu umachita ndi chimene suchita. Wa Koelle udathandiza kwambiri poyerekeza ziyankhulo ndi kuona ubale wake. Mpaka lero timaugwiritsa ntchito. Komabe mulibemo nthano, mulibe mkangano wa pabwalo, mulibe munthu woyankhula zimene iye mwini wafuna. Mafunso adali a wofunsayo. Momwemonso ndi Imago Mundi. Woumba mbiya, wosema miyala ikuluikulu ngati a ku Tengenenge m'dziko la Zimbabwe, kapena amene luso lake lili m'thupi ndi m'kuvina, ayenera kusiya chiyankhulo chake kuti ayankhe m'chiyankhulo cha kansalu. Kasiyamaliro sangakwane pa masentimita 12. Chingakwane ndi chithunzi chake chabe, chopanda ng'oma, fumbi ndi mantha a ana. Choncho tikamva kuti nkhokweyi ikutionetsa zikhalidwe za dziko lonse, tiyenera kuchepetsako mawuwo. Ikutionetsa mmene anthu zikwizikwi adayankhira pempho limodzi la munthu mmodzi.

Vuto lachiwiri ndi kasanjidwe kotsata maiko. N'zoona kuti magulu ena adaperekedwa kwa mitundu ya anthu osati maboma, monga Ainuit a kumpoto kozizira ndi eni nthaka a ku Australia, ndipo apa okonzawo adaganiza bwino. Koma pa mbali yaikulu malire a pa mapu ndiwo agwiritsidwa ntchito, ngati kuti chikhalidwe chimaima pa chipata cha olowa ndi otuluka. Zojambula mazana zikandandalikidwa pansi pa dzina la dziko, diso silikhalanso pa chimodzi. Limangoyenda pamwamba, n'kumafunafuna chimene chikuoneka cha "kumeneko". Wojambula amene amafuna kunena za imfa ya mayi ake amasanduka nthumwi ya fuko lake asanafunsidwe. Amene akukumbukira zotsatsa malonda za United Colors of Benetton, zomwe Oliviero Toscani ankajambula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, za nkhope za mitundumitundu zitaikidwa moyandikana pa khoma loyera, aona kuti diso lake ndi lomwelo.

Pali nkhani inanso imene wounika woona mtima sangailumphe. Mu 1991 banja la Benetton lidagula kampani yokhala ndi malo okwana pafupifupi mahekitala 900,000 ku Patagonia, m'dziko la Argentina. Amapuche akhala akunena kuti mbali ina ya malowo ndi ya makolo awo, ndipo mu 2002 banja lina la Amapuche lidachotsedwa pa malo otchedwa Santa Rosa, pafupi ndi Leleque, litayesa kukhazikikapo. Sindikunena kuti nkhaniyi ikuipitsa zojambula za ku Treviso, pakuti ojambulawo alibe mlandu. Ndikungoti pamene dzanja limodzi likusonkhanitsa mosamala zithunzi za eni nthaka, dzanja linalo lidakanganapo nawo m'bwalo la milandu za nthaka yeniyeniyo, ndipo wowerenga mabuku okongolawa ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Chimene ndimabwererako m'mabukuwa, monga mmene ndimachitira ndi la Koelle, ndi masamba a maina. Koelle adalemba mbiri yachidule ya anthu amene ankawafunsa: kwawo, ndi njira imene adadzera kuti afike ku Freetown. Akatswiri a mbiri yakale apeza chuma m'timizere timeneto choposa chimene mwini wake ankayembekeza. Mabuku a Imago Mundi nawonso amatchula wojambula aliyense ndi mbiri yake mwachidule, ndipo kwa ena mwa iwo mwina n'koyamba kuti dzina lawo lisindikizidwe m'buku. Wophunzira wofuna mutu wa kafukufuku ayambire pa mainawo, akawapeze eni ake, akaone zimene amajambula pa nsalu imene adziyezera okha.