Mayi Wocheza ndi Khoma

Willy Russell, mlembi wa masewero wa ku Liverpool, ankadziwa kuti munthu wongodandaula amatopetsa omvera. N'chifukwa chake m'sewero lake la Shirley Valentine, lomwe lidaonetsedwa koyamba ku Everyman Theatre mu 1986, adayamba ndi kutiseketsa.

Sewero lonse amasewera munthu mmodzi. Shirley, mayi wa zaka 42, ali kukhitchini, akukazinga tchipisi ndi mazira, uku akucheza ndi khoma ngati mnzake wapamtima. Timaseka ndithu, koma phwete lisanathe timazindikira kuti pakhomopo palibe womutchera khutu. Ana adakula n'kuchoka. Bambo a m'nyumba, a Joe, chawo n'chakudya pa nthawi yake basi. Tsikulo amayembekezera nyama, koma Shirley waipereka kwa galu amene eni ake, pokhala osadya nyama, sankamulawitsa n'komwe.

A Joe sitiwaona. Mawu awo timawamva kuchokera pakamwa pa mkazi wawo, yemwe amawayeserera mwanthabwala. Apa mpamene pagona luso la Russell. Shirley sawasandutsa chilombo amuna akewo. Amakumbukira kuti kale ankaseka limodzi, ndipo chomupweteka n'chakuti sadziwa kuti chikondicho chidazilala liti. Akadakhala mwamuna wankhanza zoonekeratu, nkhani ikadapepuka.

Pofika pamene Shirley akutiuza kuti mnzake Jane wamupatsa tikiti ya ku Greece, omvera amakhala atalowa kale mbali yake. Pauline Collins adasewera Shirley ku London ndi ku New York, ndipo mu 1989 adalandira nalo mphoto ya Tony.